Bondo la Tilele

Iwe Tamala ndi mlongo wako Yotamu, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga. Za ubwana wanga ku Mkaika simufunika kuzimvanso, poti azakhali anu anakuuzani kale, n'kuwonjezerapo ndi zimene sizinachitike. Ine ndiyambira pamene ndinavala yunifomu.

1973 mpaka 1979: Katete

Ndinafika pa chipatala cha mishoni ku Katete nditangomaliza maphunziro a fiziyo ku Lusaka. Fiziyo ndi ntchito yowongola ziwalo, kulimbitsa minofu ndi kuphunzitsanso munthu kuyenda, koma masiku amenewo anthu sankaidziwa. Odwala ankandiyang'ana m'manja kufuna jakisoni, akaona kuti ndabwera chimanjamanja ankafunsa kuti anesi enieni abwera nthawi yanji. Bambo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi anauza mkazi wake ine ndili pomwepo kuti boma latha nzeru, layamba kulemba atsikana ntchito yoseweretsa odwala. Bambo yemweyo atayambanso kudya ndi dzanja lake ananditumizira tambala, koma mawu aja sanawabweze.

Ondiyang'anira anali Sisita Marita, mzungu wamtali woumira kuseka. Anandipatsa chipinda chimene kale ankasungiramo chimanga cha odwala, moti anzanga oyamba pantchito anali anankafumbwe. Zitsulo zogwirira pophunzira kuyenda tinapanga ndi mapaipi a madzi otha ntchito. Nditapempha galasi lalikulu loti odwala azidziona poyenda, Sisita anandifunsa ngati ndikufuna kutsegula saluni. Patapita miyezi galasi ndinalipeza litatsamira khoma m'chipinda changa, atalichotsa m'nyumba yawo yomwe, ndipo sananenepo kanthu mpaka tsiku limene anachoka. Anali munthu wotero.

Ambiri obwera kwa ine anali ana a poliyo. Matendawa akadutsa amasiya mwendo wofooka, mwana n'kumangokhala pansi kapena kukwawa. Mwendo ukamakhala chopinda tsiku ndi tsiku, mitsempha ya kuseri kwa bondo imafupika, ndipo pakapita nthawi bondo limauma lili chopinda chomwecho. Mwendo wofooka koma wowongoka timauveka chitsulo, mwana n'kuyenda. Bondo louma silivala chitsulo. Limafuna pulasitala wosinthasintha kapena opaleshoni, ndipo zimenezi zikasowa mwana amakula akukwawa. Ndinaonapo atsikana otha msinkhu atabwera pa ngolo, khungu la m'mawondo litalimba ngati la kuchidendene. Chimene chinkandipweteka n'chakuti kuletsa bondo kuuma si nzeru yapatali. Umaliwongola pang'onopang'ono ndi manja m'mawa ndi madzulo, mwana umamugoneka chafufumimba, pogona n'kumangirira mwendo ku kathabwa. Ndinayamba kuphunzitsa amayi a ana amene ankafika kwa ine, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti zikuthandiza. Koma maso a munthu mmodzi analibe mphamvu kwa akuluakulu a ku Lusaka. Iwo ankati mwendo wa mwana wolumala agwire ndi munthu wophunzira, mayi wakumudzi akhoza kuthyola fupa.

1980 mpaka 1984: Kutsidya la nyanja ndi kubwerera

Mu 1980 ndinapeza mwayi wokawonjezera maphunziro kunja. Ndinakusiyani ndi atate anu, amene mpaka lero amauza alendo kuti anakulerani okha, ngati kuti agogo anu anali patchuthi. Za kuzizira kwa kumeneko sindilemba, mukazifuna mukazione nokha. Chofunika n'chakuti pa yunivesitepo ndinakumana ndi a Pulofesa, nkhalamba yaifupi yokonda kumvetsera kuposa kulankhula. Atamva za amayi owongola ana awo kumudzi anati nkhani imeneyi ndi yokwana digiri ya udokotala, osati udokotala wa jakisoni koma wa kafukufuku, ndipo ndikhoza kuichita ndili kwathu, iwo n'kumabwera kudzaona ntchito yanga. Anandiuza mosabisa kuti unduna wa zaumoyo sumva misozi, umamva umboni. Mawu amenewo ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero sindinena kuti ananama.

Nditabwerera ndinapeza dziko lauma. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere, ndipo munthu ukaona mzere unkayamba waima kenako n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Kuchipatala pulasitala ankasungira othyoka mafupa okha. Galimoto yoyendera makiliniki inkakhalitsa pansi pa mtengo chifukwa chosowa mafuta, mpaka nkhuku zinaikira mazira kunsi kwake. Sisita Marita anali atapuma, ndipo mkulu wa chipatala tsopano anali a Dokotala Zulu, munthu wabwino koma wotopa, amene pempho lililonse ankaliyankha kuti tiona. Atamva za digiri anasangalala ndi mtima wonse, anati iwo sankadziwa mkazi wa fiziyo kuno Kum'mawa amene anafikapo pamenepo, ndiye ndisawachititse manyazi. Atate anu nawo anayambiratu kunditchula kuti a Dokotala, makamaka akamafuna madzi osamba. Ndisakunamizeni, dzinalo linkandikomera.

1985: Magulu awiri

Kafukufuku wa mtundu umenewu amafuna magulu awiri. Gulu lina umaliphunzitsa, lina umangoliyeza osaliphunzitsa kwa chaka chathunthu, kenako n'kuyerekeza mawondo a ana. Popanda gulu lodikira sungadziwe ngati mwana wawongoka chifukwa cha manja a amake kapena akanawongoka yekha. A gulu lodikira tinkawauza zimene aliyense ankauzidwa masiku amenewo, kuti bondo likavuta abwere ku chipatala, n'kuwalonjeza kuti chaka chikatha nawonso tidzawaphunzitsa. Tinasankha madera awiri otalikirana, Sinda ndi Vubwi, kuti anthu asaonerane. Titachita maere, Sinda inagwera kuphunzitsidwa, Vubwi kudikira.

Ku Sinda ndinkaphunzitsira kuseri kwa kiliniki, amayi atayala zitenje pansi. Wogwira msanga kuposa onse anali Anabanda, mlimi wa thonje wa manja akuluakulu, amene mwana wawo Limbani anali ndi mawondo onse awiri opinda. Pomaliza ndinawauza onse lamulo la kafukufuku, kuti zimene aphunzira asaphunzitse munthu wina mpaka chaka chithe, ndipo ndinafotokoza kuti n'chifukwa cha maphunziro amene ndinkachita. Anagwedeza mitu mwaulemu, ine n'kubwerera ku Katete ndili wokhutira.

Ku Vubwi kunali kovuta kufika. Poti galimoto yathu inali ya nkhuku, ndinkakwera lole ya a Saidi, Msilamu wa sitolo pa Katete amene ankakagula mtedza kumalire. Anali munthu wosafulumira, nthawi ya mapemphero a swala ikakwana ankaimika lole paliponse, ine n'kumadikira pamwamba pa matumba. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Tilele, kamtsikana ka zaka ngati zisanu, kamaso akuthwa, kolongolola. Mwendo wake wamanzere unali wofooka, bondo litangoyamba kupinda, loti ndi manja okha likanawongoka m'miyezi yochepa. Pamene ndinkamuyeza ndi kachipangizo koyezera kupinda kwa bondo anandifunsa ngati ndikufuna kumusokera diresi, ndipo anati akufuna yofiira. Amake, Anaphiri, anali mayi wachete, amuna awo atapita ku migodi osatumiza ngakhale moni. Ulendo woyambawo sananene zambiri, anangothokoza kuti mwana wawo waonedwa ndi achipatala.

Ndinabwereranso m'chilimwe, mvula ili pafupi. Bondo la Tilele linali litapindirapo kwambiri, ndipo nditayesa kulikankha pang'ono ndinamva mitsempha ikukana. Wina aliyense wa ntchito yanga amakudziwa kukana kumeneko. Ndinazindikira kuti chaka chikamadzatha bondo limeneli lidzakhala litauma, ndipo mwanayu adzakula akukwawa. Anaphiri anaona nkhope yanga. Anadikira kuti anzawo atuluke, n'kuyandikira.

"Amama, palibe chimene ine ndingamamuchite kuno kunyumba? Manja ndili nawo."

Ndinayankha monga mwa lamulo, kuti adikire, ndipo zikavuta abwere naye ku Katete. Tonse awiri tinkadziwa kutalika kwa Katete, ndipo ine ndinkadziwanso kuti ngakhale atafika, pulasitala kulibe. Anangoti zikomo, n'kubereka mwana wawo. Pobwerera ndinalira pa lolepo. A Saidi anati fumbi la msewu umenewu ndi loipa, n'kundipatsa mpando wakutsogolo.

Dzinja la 1985 ndi 1986

A Pulofesa anabwera chakumapeto kwa chaka, mvula itayamba, ndipo ndinawauza za Tilele. Sanapeputse nkhaniyo. Anafunsa za msinkhu wake, za mitsempha, za mtunda, n'kuvomereza kuti ndikuona bwino. Kenako anati ndikaphunzitsa mayi mmodzi mudzi wonse udziwa, gulu lodikira likhala latha, ndipo likatha gulu lodikira palibenso kafukufuku. Anandikumbutsa kuti ana a ku Vubwi sindinawalande kanthu, chifukwa kafukufuku akanapanda kukhalapo sindikanafika n'komwe kumeneko. Anati ndikapirira miyezi yotsalayo, umboni wanga ukhoza kusintha maganizo a unduna, amayi a dziko lonse n'kuphunzitsidwa, ana ambiri amene sindidzawaona n'kuyenda. Ine ndinati ana amene sindidzawaona ndikuwamvera chisoni, koma uyu ndamugwira mwendo. Ananena kuti chosankha n'changa, koma ndidziwe kuti ndikasankha mwanayo iwo sadzatha kukaimira ntchito yanga ku yunivesite. Sanali munthu wankhanza. Ponyamuka ananditsazika maso ali pansi.

Atate anu, amene amaseka chilichonse, ulendo uno sanaseke. Anangondifunsa kuti akanakhala Tamala ndikanatani. Ndinawakalipira kuti funso lotero n'losavuta kwa munthu amene sanakazizidwe kunja kufunafuna maphunziro. Iwo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ine n'kuwauza kuti miyambi akaphunzitse ana a sukulu. Tinatha masiku tikulankhulana za mchere ndi nkhuni zokha. Chinkandikwiyitsa kwambiri n'chakuti funso lawolo ndinali nditadzifunsa kale ndekha, ndipo yankho ndinali nalo.

Pamenepo msewu wa ku Vubwi unali utaduka, a Saidi ataimika lole kudikira kuti mitsinje iphwe. Ndinagwira ntchito dzinja lonselo mtima uli kwina. Ndikamawongola mwendo wa mwana wa pa Katete ndinkaganiza kuti ntchito imene manja angawa akuchita mosavuta chonchi ndi yomwe ndinamana Anaphiri. Tsiku lina nditamaliza kuveka mwana wina chitsulo, ndinasamba m'manja n'kupita ku ofesi ya a Dokotala Zulu. Ndinawauza kuti msewu ukangouma ndikupita ku Vubwi kukaphunzitsa amayi onse, digiri ipite kumene ikupita. Anavula magalasi, n'kupukuta maso. Ndinkayembekezera tiona wawo uja, koma anati, "Pitani, amayi." Kuyambira pamenepo mantha anga anali amodzi okha, oti ndikapeza bondo litauma kale, n'kukhala kuti ndataya zonse ziwiri, digiri ndi mwana.

Epulo 1986: Vubwi

Tinanyamuka ndi a Saidi mvula itangoleka, lole ikutitimira m'matope malo ena. Pa kiliniki ndinapeza amayi atasonkhana monga mwa nthawi zonse, koma moni wawo unali wozizira ndipo palibe ankandiyang'ana kumaso. Ndinaganiza kuti andikwiyira, ndipo sindinawaone olakwa. Ndinati ndiyambe ndayeza kaye ana ndisanawauze chimene ndabwerera, n'kuitana Tilele poyamba chifukwa mtima sukanandilola kudikira. Anaphiri anamugoneka pa benchi, mwendo uli chopinda kwambiri kuposa kale. Ndinagwira mwendowo, koma ndinadabwa kumva kuti si mitsempha imene ikukana, mwanayo akuchita kulimbira dala m'chiuno. Ndinamuuza kuti amasuke. Anayang'ana amake, n'kuyang'ana ine.

"Amama anati mukamayeza ndipinde mwendo, musadziwe."

Ndinaika dzanja limodzi pamwamba pa bondo, lina kunsi kwake, n'kukankha pang'onopang'ono. Mwendo unatsika, unatsikabe, mpaka unatsala pang'ono kugona pa benchi. Ndinabwereza kachiwiri poganiza kuti manja anga akundinamiza. Bondo linali lofewa, loti posachedwa livala chitsulo. Ndinakhala pansi pa simenti ndi yunifomu yanga yoyera, ndipo ndinamva ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali. Nditakweza maso ndinapeza Anaphiri atagwada patsogolo panga.

"Tinaba, amama. Mutikhululukire. Mlandu ndi wanga, anzangawa ndinawapatsa ndine."

Anafotokoza zonse ali chogwada, ngakhale ndinawauza kuti akhale bwino. Mvula itangoyamba kunagwa maliro a amalume awo, amene anakwatira cha ku Sinda, ndipo iwo anapita atabereka Tilele. Mukudziwa mmene maliro amakhalira kwathu, amayi amagona m'nyumba ya siwa masiku angapo, achibale ndi alendo pamodzi. M'mawa wina akupita kukataya madzi anapeza mayi wina kuseri kwa nkhokwe akuwongola miyendo ya mwana wake mobisa. Anali Anabanda. Anaphiri atapempha kuti awaonetse, Anabanda anakana, anati mankhwalawa ali ndi chiletso. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene chinachitika ku Sinda tsiku limene ndinapereka lamulo lija. Kwathu sing'anga akapereka mankhwala amaperekanso chiletso, usadye chakuti, usauze munthu, ndipo chiletsocho chimakhala mbali ya mankhwalawo. Ukachiphwanya mankhwala amasukuluka, matenda n'kubwerera. Amayi a ku Sinda anamva ndithu zimene ndinanena za maphunziro anga, koma kwa iwo wochiritsa akaletsa chinthu ndiye kuti waletsa, zifukwa zake ndi zake. Anabanda ankakhulupirira kuti akaphunzitsa munthu wina, mawondo a Limbani apindanso.

Anaphiri anati sanaumirize, poti nawonso akanachita chimodzimodzi. Koma masiku onse a maliro Tilele ankakwawa pabwalopo, akulongolola ndi aliyense, Anabanda akumuona. Tsiku lobalalika, anthu atamanga kale akatundu, Anabanda anawakodola n'kupita nawo kuseri kwa nkhokwe kuja.

"Tagona mphasa imodzi, talira maliro amodzi. Bweretsani mwanayo. Zikabwerera kwa wanga, Mulungu aona."

Atabwerera ku Vubwi anayamba kuwongola mwana wawo m'nyumba chitseko chili chotseka, koma pamudzi palibe chitseko chotsekeka. Anzawo a ana olumala anamva, anabwera, ndipo Anaphiri anati chinthu chimene anapatsidwa ulere ndi munthu woika mwana wake pachiswe sakanatha kumana mnzawo. Pofika pakati pa dzinja gulu langa lonse lodikira linali litasiya kudikira. Anapangana kuti ine ndikabwera ana azipinda miyendo, poopa kuti ndikadziwa ndikwiya, ndiwachotsera mphamvu ya mankhwala, kapena ndikalanga mayi wa ku Sinda uja. Anangolakwitsa pouza chinsinsi mwana wolongolola.

Ndinaseka misozi ikutuluka, amayi aja n'kumayang'anana poganiza kuti mutu wanga wasokonezeka. Ndinawauza kuti sanabe kanthu, chiletso palibe, ndipo ine ndabwera kudzawaphunzitsa zomwezo. Anaphiri anafunsa kawiri ngati ndikunena zoona, kenako anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Tsiku lonselo tinaphunzira. Panali zokonza ndithu, chifukwa nzeru yodutsa m'manja ambiri imafika itapindika. Ena ankakoka mwendo atagwira kuphazi m'malo mogwira pafupi ndi bondo, zimene zikanatha kuvulaza mwana, ndipo ena ankamanga kathabwa mothina kwambiri. Si onse amene anapulumuka. Mtsikana wina wamkulupo bondo lake linali litauma ndisanayambe n'komwe kafukufuku, ndipo anadikira opaleshoni nthawi yaitali. Koma ana ambiri anali bwino kuposa mmene ndinawasiyira.

Ku Sinda ndinapita sabata yomweyo, chifukwa kunali munthu amene anasenza mantha dzinja lonse. Anabanda ndinawapeza m'munda wa thonje, ndipo atandiona anaika thumba pansi, nkhope itagwa. Anandiuza kuti Limbani akangotentha thupi iwo ankathamangira kumugwira mawondo, kuti aone ngati chilango chayamba. Ngakhale amuna awo sanawauze. Nditawatsimikizira kuti palibe chimene chichitike kwa mwana wawo, anapumira m'mwamba, n'kufunsa kuti nanga chiletsocho chinali cha chiyani. Ndinayesa kufotokoza za magulu awiri ndi za umboni wa ku unduna. M'Chingerezi nkhani imeneyi imamveka bwino, koma m'munda wa thonje inkandivuta kutuluka pakamwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anati za sukulu n'zovuta, kenako anafunsa ngati tsopano ali omasuka kukaphunzitsa alamu awo a ku Nyanje.

1986 mpaka 1991: Zotsatira zake

A Pulofesa atabweranso ndinawauza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, anati posankha madera anayeza misewu pa mapu koma maliro sanawaganizire. Kenako ananena chinthu chimene sindinkayembekezera. Poti gulu lodikira linawonongeka lokha ine ndisanaphwanye lamulo, yunivesite ikhoza kundilola kuyambiranso. Anati tipeze dera lina lakutali kwambiri, kumene anthu ake sakwatirana ndi a ku Sinda, likhale gulu lodikira latsopano. Digiri imene ndinaitaya mumtima inali itabwereranso patebulo, ndipo ndinaiyang'ana ndithu, sindibisa. Koma ndinadziwa kuti kulikonse kumene ndingapite ndikapeza mayi wina wondiuza kuti manja ali nawo, ndipo yankho lija sindikanatha kuliperekanso. Ndinakana. Iwo anati akumvetsa, ngakhale ankaonabe kuti ndikulakwitsa, ndipo tinasiyana pa ubwenzi. Tinalemba limodzi lipoti lalifupi la zimene tinaona, koma ngati ku unduna analiwerenga ine sindidziwa.

Zinandiwawa, ndipo nthawi zina ndikamva mnzanga akutchulidwa dokotala kamtima kamalumabe. Ndikudziwanso kuti mwina a Pulofesa ankanena zoona za ana amene sindinawaone. Anzanga achinyamata amandiuza kuti masiku ano pali njira zina zochitira kafukufuku wotere osasiya mwana akudikira, ndipo ndimakondwera nazo. Ine za nthawi yanga ndinachita zimene ndikanatha kugona nazo tulo. A Dokotala Zulu anandilola kuyendera makiliniki kuphunzitsa amayi poyera, ndipo ntchito imeneyo ndinaigwira mpaka 1991 pamene anandisamutsira ku Chipata.

Tilele anabwera ku Katete pa lole ya a Saidi anthu atamaliza kukolola chaka chomwecho cha 1986. Bondo linali litawongoka kokwanira. Zitsulo zochokera ku Lusaka kunalibe, ndiye amisiri a pachipatala anapinda chitsulo cha zomangira nyumba, n'kuchilumikiza ku nsapato ya thabwa, malamba ake a chikopa cha ng'ombe. Tilele atachiona anati n'chonyansa, ndipo sanalakwe. Masiku oyamba ankangoima pakati pa mapaipi atagwira mbali zonse, akudandaula kuti chikulemera. Anaphiri ankakhala pa benchi chete, manja ali pamiyendo, osachotsa maso pa iye. Kenako anayamba kuponda, kugwa, kudzuka, kutukwana chitsulo, kupondanso, ndipo tinamupatsa kandodo.

M'mawa wina ndinamuimika kumapeto kwa mapaipi, n'kuuza amake kuti akhale patsogolo pake chapatali pang'ono, amuitane. Anaphiri anatambasula manja. Tilele anasiya paipi, anaponda kamodzi, kawiri, ali ndi kandodo kake. Nthawi yomweyo panja panamveka lole ikudutsa pamsewu ikuliza hutala. Mwanayo anatembenuka, anawapitirira amake, n'kulunjika pakhomo kuti akaione, chitsulo chikugogoda pa simenti.

"Iwe Tilele, bwerera kuno!"

Sanabwerere. Anatuluka pakhomo, n'kutsata khonde. Anaphiri anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kumuthamangira akulira ndi kuseka, odwala a pamzere akuwapatsa njira. Chibadwire cha mwana ameneyo, aka kanali koyamba kuti amake amuthamangitse.